Funsani Amisiri: za kumphepete kwa denga, mbali ya gebulo

Mwezi uno makalata ndi mauthenga a pa WhatsApp achuluka ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo ambiri akulira malo amodzimodzi pa nyumba, kumphepete kwa denga kuja kumene malata amatsetsereka motsatira khoma la nsonga. Ndiye ndangowasonkhanitsa pamodzi. Ena ndawadula chifukwa anali aatali ngati ulaliki wa pa maliro, eni ake mundikhululukire.

FUNSO: Amisiri, ine ndi mayi wa ana atatu ndimakhala kufupi ndi pa Chonde. Abambo akunyumba ali ku Johannesburg amatumiza ndalama pang'onopang'ono nde tinamanga nyumba ya njerwa zootcha, zipinda zitatu ndi pabalaza, malata tinakhoma chaka chathachi. Vuto ndi khoma la kuchipinda kwathu, lija lalitali lansonga. Mvula ikangogwa ndi mphepo khomalo limanyowa mpaka mkati, penti yonse yamatukamatuka, pakona pamera zakuda ngati mwaye ndipo zovala mu wadilopu zikungonunkha chinyontho. Pulasitala takonza kawiri koma ayi ndithu. Malata sakudontha, ndinakweza mwana kukaona. Mmisiri amene anakhoma dengalo anadula malata ndendende ndi khoma, nditamufunsa za fesha bodi anati zimenezo nzokongoletsa chabe za anthu andalama. Pano abambo pa foni akuti ine ndinadya ndalama ya simenti. Ndithandizeni banja lisanathe.
Mayi wodandaula, Chonde

YANKHO: Mayi, choyamba muwauze abambowo kuti simenti simunadye. Olo mukanathira matumba ena khumi khomalo likananyowabe, chifukwa matenda ake ali kumutu osati pathupi.

Denga wamba la mbali ziwiri lili ndi mphepete za mitundu iwiri. Pali kumene madzi amagwera pansi, kutsogolo ndi kuseri kwa nyumba, kuja timatchera ndowa mvula ikamagwa. Kumeneko aliyense amadziwa kuti malata azitulukako ndithu, palibe mmisiri angayerekeze kudula ndendende. Ndiye pali mbali ziwiri zinazi kumene khoma limakwera n'kupanga nsonga, amisirife timati gebulo. Poti kumeneko sikugwera madzi ooneka ndi maso, anthu amaona ngati kulibe ntchito. Komanso pofika kumeneko ndalama imakhala yatha, malata anawerengedwa mopanikiza, lata limodzi laperewera, galimoto yobweretsa katundu inabwerera kale, basi mmisiri amangoti mayi musadandaule zikwana. Zimakwanadi, koma zikwana zakezo ndi zimene mukugona nazo lerozi.

Taganizani, khoma la gebulo ndi lalitali kuposa makoma onse pa nyumba yanu. Mvula ikanakhala kuti imagwa chowongoka ngati madzi a pa mpopi bwenzi palibe nkhani. Koma kwanuko mvula imabwera chopingasa, ndipo ndi yambiri kuposa madera ochuluka m'Malawi muno, nchifukwa chake tiyi amachita bwino kumeneko. Phiri la Mulanje, ndi Sapitwa wake wa mamita 3,002, limatchinga mphepo ya chinyontho yochokera kunyanja ya mchere kudzera ku Mozambique, ndiye madziwo amakhuthukira inu. Anzanu a ku Lilongwe kapena ku Kasungu mvula ikatha mu April khoma lawo limauma mpaka November. Inu mvula ikangotha kumabwera chiperoni, kuyambira cha mu May mpaka August, kamvula kowaza ndi nkhungu kamene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique komweko. Masiku atatu anayi dzuwa osaoneka, zovala pa chingwe osauma, nanga khoma liuma bwanji?

Madzi akulowa njira zitatu. Yoyamba ndi mvula yomenya khoma mwachindunji chifukwa palibe chotchinga. Yachiwiri ndi imene anthu saidziwa. Madzi amene akuyenda pa lata lomalizira, mphepo ikawakankha amadumphira kumbali, koma sagwa pansi ayi, amakakamira kunsi kwa lata n'kumatsetsereka mpaka akapeze njerwa. Mudzayese kutsanula tiyi pang'onopang'ono mu kapu yodzadza muone mmene amatsatira kunja kwa kapu, ndi zomwezo. Yachitatu, pamwamba penipeni pa khomalo, pa njerwa zomalizira, palibe pulasitala, ndipo pamene mapalini, matabwa aja timakhomerapo malata, agonera pali mipata. Njerwa yathu ya pa uvuni imamwa madzi ngati sikono mu tiyi. Ikamwa pamwambapo madzi amatsika mkati mwa khoma, inu n'kumapaka pulasitala kunja, madzi ali mkati akukusekani.

Ndisaname, inenso ndinazichitapo ndili mnyamata. Ndinakhoma denga la nyumba ina cha ku Bvumbwe, mwini wake amandithamangitsa kuti alowe Khirisimasi isanafike, ndinadula ndendende n'kulandira yanga. Patatha zaka zinayi anandiitanitsa. Nditakwera pa makwerero ndinabaya nsonga ya palini ndi sikuludiraiva, inangolowa phwi ngati ndikubaya nthochi yakupsa, madzi akuda n'kutuluka, chiswe chili yakaliyakali. Misomali itatu ya kumphepete ndinaizula ndi zala. Mayi a panyumbapo anangoima pansi atagwira m'chiuno osanena kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa akanandilalatira. Ndiye fesha bodi si mkanda wa m'khosi. Thabwa limenelo limatseka nsonga za mapalini kuti zisamwe madzi, limatchinga mphepo kuti isalowe pansi pa lata, komanso madzi akafika pa ilo amadonthera pansi kutali ndi khoma. M'mabuku la ku gebuloli amalitchula kuti barge board, koma kuno tonse timangoti fesha bodi, mukakanena choncho ku hadiweya kapena kwa ocheka matabwa akumvani.

Kukonza kwake sikofuna kugwetsa nyumba. Mmisiri azule malata awiri omalizira mbali imeneyo, aone mapalini ngati sanawole. Kenako awalumikize ndi matabwa ena a 2x3 kuti atuluke kunja kwa khoma masentimita 30 mpaka 45. Apa mukhalepo nokha mukuyang'ana, chifukwa ena amangokhomerera kachidutswa kakafupi kunsonga, kameneko mphepo imathyola tsiku limodzi. Thabwa lolumikizalo lilowe mkati mpaka likagone pa thirasi yoyamba ya m'nyumba, aja matabwa a makona atatu onyamula denga, likhomedwe pamenepo ndi kumangidwa ndi waya. Akatero aonjezere lata, ngakhale theka lodula mlitali, ligone pa linzake msana umodzi ndi theka, lija latsopano lisangokhudza linzake ndi mlomo. Fesha bodi ikhomedwe kunsonga za mapalini, ndipo ngati thumba likulola gulani chilata chopinda ngati L chimene m'mahadiweya amati barge cap kapena flashing, chimavindikira mphepete mwa lata ndi pamwamba pa thabwa nthawi imodzi. Ngati silikulola, lata lituluke pang'ono kupitirira thabwa ndipo msana womalizira aupindire pansi, osausiya utayang'ana kumwamba ngati mbale yopemphera. Mipata ya pakati pa njerwa ndi malata aitseke, ija timati bimu filing'i.

Penti musathamangire. Khomalo lisiyeni liume September ndi October yense, mazenera otsegula, wadilopu muichotse pakhomapo. Zakudazo mutsuke ndi madzi othira Jik. Mukapaka penti pa khoma lonyowa mwangotaya ndalama, imatuka kachitatu ndipo foni ya ku Johannesburg idzaliranso.

FUNSO: Ife ndi a komiti ya zomangamanga pa tchalitchi chathu kuno ku Thekerani. Denga lasasuka kawiri, koyamba nthawi ya namondwe wa Ana, kachiwiri ndi mvula yoyamba ya mu November. Chodabwitsa nchakuti ulendo wonse umayambira pa ngodya imodzimodzi ya kumphepete, malata amapindika ngati munthu akufunyulula mphasa, pomwe nyumba za udzu zoyandikana nazo zili chiimire. Akhristu ena ayamba kunong'ona kuti pali munthu, mpaka atchula mayina a anthu okalamba a m'mudzi muno. Ife tasanjika miyala ndi matayala pamwamba. Tisanasonkhetsenso anthu tikufuna nzeru.
Mlembi wa komiti, Thekerani

YANKHO: Akuluakulu, okalambawo asiyeni apume, alibe mlandu, ndipo kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Munthu amene mukumufunayo ndi ngodya yomweyo.

Anthu ambiri amaganiza kuti mphepo imakankha denga. Zoona zake nzakuti imaliyamwa. Tengani pepala la mu kope, muligwire pansi pa mlomo lilendewere, kenako muuzire pamwamba pake, muona likudzuka lokha. Mphepo ikamenya khoma la gebulo imakwera n'kudumpha mphepete mwa denga mothamanga kwambiri, ndipo pamene yadumphirapo imakoka malata kupita kumwamba. Kukoka kumeneku sikofanana denga lonse. Pakati nkochepa, kumphepete ndi pa riji, pamwamba paja pokumana mbali ziwiri za denga, nkochuluka, pa ngodya ndiye nkoopsa. Nthawi yomweyo mphepo ina ikulowa pansi pa malata otulukawo n'kumawatukula, ndipo ngati chitseko kapena zenera la mbali ya mphepo latseguka kapena lasweka, tchalitchi chonse chimadzadza mpweya ngati chibaluni n'kumakankha denga chamkati. Msomali umodzi wa pa ngodya ukangozuka, mphepo yapeza pogwira, zotsalazo ndi kusenda nthochi basi. Ku Thekerani ndi kumapiri, ndipo matchalitchi timakonda kuwamanga pamtunda poonekera, ataliatali, opanda zipinda mkati zogwira makoma. Nyumba za udzu zija nzazifupi, denga lake ndi lotsetsereka mbali zonse ndipo udzu umapitirirako mpweya, nchifukwa chake zikuoneka ngati zili ndi mankhwala.

Namondwe wa Ana anabwera mu January 2022, Gombe mu March chaka chomwecho, Freddy mu March 2023 amene anthu opitirira 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo cha kumwera kuno, ndipo Idai anali atadutsa kale mu 2019. Koma musaganize kuti madenga amasasuka ndi anamondwe a mayina okha. Ambiri amapita ndi kamvula ka mphindi makumi awiri ka mu October kapena November, kaja kamabwera masana kutatentha, ndi fumbi ndi matalala.

Mukamakhomanso, denga muziliona ngati unyolo. Lata ligwire palini, palini igwire thirasi, thirasi igwire thabwa la pamwamba pa khoma, thabwalo ligwire khoma. Pamene pafooka ndi pamene paduke. Misomali ikhale ija yopota yokhala ndi chipewa, kapena masikuluwu a rabala ngati mungakwanitse, ndipo pa malata wamba timakhoma pamsana osati mu ngalande mmene mumayenda madzi. Pakati pa denga mutha kudumpha misana iwiri, koma kumphepete kwa gebulo, kunsi kogwera madzi ndi pa riji khomani msana uliwonse, musaumire. Nsonga ya msomali ikatulukira kunsi kwa palini aipinde. Mapalini asatalikirane, masentimita 60 mpaka 90 kwa malata opyapyala a masiku anowa, ndipo palini iliyonse imangidwe ku thirasi ndi waya kapena hupu ayironi, kaja kachitsulo kopyapyala konga lamba, chifukwa msomali wokhomera chotsika umazuka chokwera mosavuta. Waya wogwira thirasi achokere mu ring'i bimu, konkire ija yozungulira pamwamba pa makoma, kapena akwiriridwe mizere isanu kapena isanu ndi umodzi ya njerwa kutsika pansi. Ndaonapo denga litauluka lonse lathunthu n'kukatera m'munda wa chinangwa, waya ali lendelende atanyamula njerwa ziwiri zokha.

Kwa mayi a ku Chonde ndati malata atuluke, kwa inu ndikuti asatuluke mopitirira. Masentimita 45 ku gebulo akwana. Mukatulutsa mita yathunthu mwaipatsa mphepo chogwirira. Ngati mukufuna khonde lalikulu loti a kwaya azibisalapo mvula, likhale ndi kadenga kakekake kosalumikizana ndi denga lalikulu, kuti kakauluka kapite kokha. Fesha bodi ndi chilata chopinda chija zisasowe, ndi zimene zimatseka pakamwa pamene mphepo imalumira. Poyala malata yambirani mbali imene mphepo imapita, muzibwera chakumene imachokera, kuti milomo ya malata ikhale itafulatira mphepo.

Za geji, muyeso wa kukhuthala kwa lata, nambala ikamakula lata limapyapyala, geji 32 ndi yopyapyala kuposa 30, ndipo 30 ndi yopyapyala kuposa 28. Ndikudziwa kuti chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya malata ndi yolilitsa, koma lata lopyapyala limang'ambika pa msomali, chipewa n'kutsala pa palini lata litapita. Ngati ndalama ya 28 sikwana denga lonse, gulaniko olimba a mizere ya kumphepete ndi pa ngodya. Ndipo ngati mathirasi awonongeka moti muyambira pachiyambi, kambiranani zochotsa gebulo n'kupanga denga lotsetsereka mbali zonse zinayi, lija timati hipi. Limadya matabwa ambiri ndipo malata amadulidwadulidwa, koma pa mphepo limapirira kuposa la gebulo. Komanso khoma lansonga lalitali lopanda chogwira ndi loopsa palokha, ku Karonga pa chivomerezi cha mu December 2009 makoma otere anagwa ambiri.

Miyala ndi matayala tsitsani lero. Mphepo yotha kunyamula denga la tchalitchi singalephere mwala, ndipo mwalawo potsika sufunsa kuti pansipo pali mwana wa Sande sukulu.

FUNSO: Bwana, ine ndi mnyamata ndimapanga geni pa Luchenza ndayamba kumanga kanyumba kanga. Ndikufuna style ija ya hidden roof yoti malata osaoneka, makoma amakwera kubisa denga, imaoneka bho heavy pa Facebook. Anzanga akuti ndingomanga njerwa pamwamba pa malatawo kumphepete n'kumata simenti basi, fesha bodi osafunikanso. Zoona?
Mnyamata wa geni, Luchenza

YANKHO: Achimwene, pa Facebook sipagwa mvula. Chabwino chimodzi chilipo, khoma lobisa denga limatetezadi mphepete mwa malata ku mphepo. Koma madzi onse amene akanagwera panja mwawatsekera mkati mwa mpanda, ndiye atuluke kudzera mu ngalande yobisika ndi mapaipi. Tsamba la peyala, jumbo youluka, chisa cha mbalame, paipi yatsekeka, madzi akwera, ndipo mudzazindikira siling'i ikugwera pa sofa. Ku Luchenza ndi mvula yakeyo ine sindingakulimbikitseni pokhapokha muli ndi ndalama ya ngalande yotakata, mapaipi akuluakulu, kabowo kena kapamwamba koti madzi azitulukira panja paipi ikatsekeka, komanso mtima wokwera pamwamba kukasesa mvula isanayambe ndi mkati mwa dzinja.

Za kumata simenti pa lata, anzanuwo akukunamizani. Simunamvepo malata akulira tha, tha, masana dzuwa likaswa mtengo? Kumeneko ndi kufutukuka, usiku amabwerera. Simenti siyenda nawo ulendo umenewo, ndiye chaka chisanathe pamabwera mng'alu wopyapyala ngati tsitsi kutsatira khoma lonse, madzi n'kumalowera pomwepo. Kuonjezera apo simenti yonyowa imadya utoto woteteza wa lata, dzimbiri limayambira pamene simungathe kuliona. Chofunika ndi flashing, mbali ina ilowe mu kamzere kosema m'khoma n'kumatidwa, mbali ina igone momasuka pa malata misana iwiri. Pamwamba pa khomalo paikidwe chipewa cha konkire kapena cha lata chopendekera mkati. Mukawerengetsa zonsezi muona kuti fesha bodi inali yotchipa.

FUNSO: Amisiri, fesha bodi ya paini imene ndinaika zaka zitatu zapitazo yapindika ngati uta, kunsi kwake kwawola. Munthu wina wandiuza kuti atha kundipezera matabwa a mkungudza ochokera m'phirimu, akuti abweretsa usiku ndipo chiswe sichidya. Ndigule? Nanga bulugamu bwanji?
Bambo wopuma pa ntchito ya ku esiteti, Muloza

YANKHO: Bambo, katundu wobwera usiku mukumudziwa kale dzina lake. Nzoona kuti mkungudza sudyedwa wamba ndi chiswe ndipo suwola msanga, nchifukwa chake unatha. Mtengo umenewu mwachilengedwe umamera m'phiri la Mulanje lokha padziko lonse, ndi mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, ndipo kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu yamoyo isanu ndi iwiri yokha. A Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a zankhalango akhala akubzala mbande ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri, koma umakula pang'onopang'ono, ana athu ndi amene adzaone mthunzi wake. Kupezeka ndi matabwa amenewo popanda chilolezo ndi mlandu. Pa msinkhu wanuwo mukagone pa simenti ku polisi chifukwa cha fesha bodi?

Paini si woipa, timamulakwira ndife. Timagula thabwa lochekedwa dzulo, likudontha utomoni, mawa lili padenga, penti mbali yoonekera kumsewu yokha. Dzuwa likuumitsa kunja, mkati muli chinyontho, lilekerenji kupindika? Gulani matabwa mwezi umodzi kapena iwiri ntchito isanayambe, muwasanje pamthunzi pamalo osalala, timitengo pakati pake kuti mpweya uzidutsa, cholemera pamwamba. Akauma apakeni mankhwala a chiswe monga Solignum, kenako andakoti ndi penti ya oyilo mbali zonse zinayi thabwa lili pansi, lisanakwere. Kunsonga kumene sowo yadula mupake kawiri katatu chifukwa kumeneko ndi kumene thabwa limamwera madzi, ngati nzimbe. Malo amene fesha bodi ya ku gebulo imakumana ndi ya kutsogolo, pa ngodya ya mmunsi, ndi amene amayamba kuwola nthawi zonse chifukwa madzi onse otsetsereka amathera pamenepo, ndiye muwasamale kwambiri. Ena amapaka oyilo wakutha wa galimoto, amathandizako pa mapalini ndi mathirasi obisika, koma pa fesha bodi ayi, penti sigwira ndipo mvula imatsitsa zakuda pakhoma.

Bulugamu ndi wolimba ndipo kwanuko ngosavuta kupeza, koma akacheka mopyapyala amang'aluka ndi kupotoka, ndipo akauma msomali umachita kupindika, pamafunika kuboola kaye. Ndi wabwino pa mathirasi kusiyana ndi pa fesha. Ziliponso fesha bodi za PVC ndi za lata zimene chiswe chilibe nazo ntchito, kungoti zimafuna kukhomedwa pafupipafupi, apo ayi zimachita mafunde padzuwa. Poti munagwira ku esiteti, mukumbukire nyumba zakale za mabwana zija, khonde kuzungulira, denga lotsika bwino, penti chaka ndi chaka. Zaima nthawi yonseyi chifukwa makoma ake mvula saidziwa.

FUNSO: Agogo anga ku Masambanjati ali m'nyumba ya zidina yofolera udzu. Khoma la mbali imodzi likukokoloka chaka chilichonse. Malata sitingakwanitse panopa. Titani?
Mdzukulu, Masambanjati

YANKHO: Mdzukulu, zidina mdani wake ndi madzi basi, zikakhala pouma zimakhala zaka zambirimbiri. Ngati nyumbayo ili ndi gebulo, pofolera chaka chino musinthe, mapaso atsetsereke mbali zonse zinayi ngati mmene ankamangira makolo athu, udzu utuluke bwino kuzungulira nyumba yonse, ndipo ngati mungathe imikani nsanamira pakhale kakhonde. Denga la udzu limafuna kutsetsereka kwambiri kuposa la malata kuti madzi asaime, ndipo udzu wa kumphepete umangidwe ndi luzi kapena waya pa mbalo iliyonse chifukwa mphepo imayambira kumeneko kusosola. Pepala lakuda la pulasitiki pansi pa udzu limathandiza, koma lifike mpaka kumphepete, lisathere pamwamba pa khoma n'kumatsanulira madzi m'zidina. Pansi unjikani dothi kuzungulira nyumba litsetsereke chakunja, mukumbe kangalande kotaya madzi, chifukwa madontho akamenya pansi amadumphira kukhoma n'kumalidya kumapazi. Kuzira khoma chaka ndi chaka musaleke, ndipo ntchito imeneyo ndi yanu adzukulu, osati agogo.

FUNSO: M'siling'i mwathu mwadzadza mileme, fungo lake alendo sakhalitsa, komanso usiku wina kadzidzi analira pa nsonga ya nyumba apongozi anga mpaka anasamuka. Zikugwirizana ndi nkhani ya dengayi?
Mkamwini, Goliati

YANKHO: Akamwini, zikugwirizana ndithu. Dzuwa likamalowa mukaime panja mbali ya gebulo muyang'ane m'mwamba, muona mileme ikutuluka umodziumodzi pa mipata ya pakati pa misana ya malata ndi khoma, kapena pansonga penipeni pamene riji yathera osatsekedwa. Mpata wolowa chala chachikulu ndi khomo lokwanira kwa mleme. Kadzidzi sanabwere ndi uthenga wa maliro, wabwera kudzadya makoswe amene akulowera pomwepo. Musatseke masana ili mkati, ingafere momwemo fungo n'kuposa pano. Dikirani ituluke madzulo, mutseke ndi sefa ya waya wa timabowo ting'onoting'ono kuti mpweya uzilowabe, kenako bimu filing'i ndi fesha bodi, nsonga ya riji aipinde kapena aikepo kachilata. Posesa zitosi m'siling'imo muwazepo madzi kaye ndipo muvale chotseka pamphuno, fumbi lake limadwalitsa chifuwa. Ndikudziwa mmene akamwini ena mumaganizira, kuti nyumba ya kuchikamwini osaionongera ndalama poti tsiku lina adzakuponyerani chikwama panja, koma mukugonamo ndinu ndi ana anu. Za apongozi kusamukazo, ngati mukufuna abwerere tsekani mipatayo sabata ino, ngati simukufuna, mwezi wamawa ulinso bwino.